Chikhomo cha Apongozi ndi Mwala Womwa Madzi

Taonga, chotsa phazi pa mwala umenewo. Ee, womwe watchinga chitsekowo. Zaka zonsezi mwakhala mukuupondaponda, Dalitso uyu amaswerapo nsawa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti unachokera kuti. Lero magetsi azima, mafoni anu afa, ndiye mwakumbukira kuti pakhonde pali agogo. Chabwino, khalani pansi. Makutu kwa ine, manja ku nsawa, lichero ili lidzaze dzuwa lisanapendeke.

Ndakumvatu iwe Taonga ukung'ung'udza kukhitchini kuti mawa kusukulu akutengani pa basi kukaona miyala. "Miyala, amama, miyala! Ngati kuno ku Kapata kulibe miyala." Ha! Ine ndimve zimenezo m'nyumba mwanga muno? Ine amene ndinaphunzitsa jogirafe mpaka choko chinandidya zala? Mwana iwe ulibe manyazi.

Inu mukukwera basi ya mipando yofewa, m'chikwama muli mabisiketi ndi zakumwa za m'botolo. Ife ulendo wa miyala tinkayenda wapansi. Mwana aliyense ankamanga chimanga chokazinga pansonga ya chitenje, wamwayi mbatata yootcha, thobwa m'chigubu chimodzi cha kalasi yonse. Tikapeza masuku panjira ndiye kuti Mulungu watikumbukira. Ine patsogolo, nsapato za tenesi kuphazi, hamala m'manja, hamala yomwe ija ili pansi pa bedi imene Dalitso anakhomera khola la nkhunda mpaka kuiswa mpini. Usaganize kuti sindinaone.

Miyalayi sindinayambire ku koleji ayi. Madzi saiwala khwawa: atate anga, a Banda, anali okumba zitsime. Ankatsika m'dzenje pa chingwe, ife ana tikukoka ndowa ya dothi. Ndowa iliyonse ikatuluka ankafuula kuchokera pansi kuti, "Chatuluka n'chiyani?" Ine n'kuyankha, "Katondo!" kapena "Mchenga wonyezimira!" Mwala ankaudziwa ndi khutu. Akaumenya ndi piki n'kulira kuti ngwee, ankati, "Uyu ndi wouma mtima, sasunga kanthu." Ukangoti phu, n'kunyenyeka, ankaseka m'dzenjemo kuti, "Tayandikira." Nditapita ku koleji, mphunzitsi wathu anatitengera pamene msewu waukulu wa ku Lusaka unadula phiri, n'kutionetsa mmene nthaka imagonera mosanjikizana: pamwamba dothi, pakati mwala wowola, pansi thanthwe lamoyo. Anatipatsa mayina aatali a Chingerezi oti tiloweze. Ine ndinkangoti mumtima, atate anga sanalembepo mayeso, koma zonsezi anaziona ali pa chingwe.

Masiku ano nthaka ikangogwedezeka kwinakwake, foni yakuuzani kale makapu asanasiye kulira pa shelefu. Ife nkhani za chivomerezi kapena za phiri lolavula moto tinkazimva pa wailesi, kapena m'nyuzipepala ya mwezi watha imene agogo anu aamuna ankabwera nayo atakulungiramo sopo. Ndinkadula timapepalato n'kumata pakhoma la kalasi ndi phala la ufa. Chiswe chinkawerenga nawo, mwina kuposa ana ena.

Tsopano tamverani za ukwati, chifukwa nkhani ya mwalawu yagona pamenepo. Agogo anu aamuna, malemu a Yotamu Tembo, anali kalaliki ku boma ku Chipata. Ankakhala kutauni mkati mwa sabata, Loweruka n'kupalasa njinga kubwera kumudzi kwawo, kufupi ndi Madzimoyo. Ine anandisiya kumudziko ngati mtengwa, ndikuphunzitsa pa sukulu ya mpingo ya pomwepo. Ndiye kuti tsiku lililonse ndinkakhala pamaso pa apongozi anga, a Tembo aakulu, atate awo a Yotamu.

Ana inu simudziwa chimene chinali upongozi. Amayi anuwa amanditsutsa pamaso pomwe, dzulo lomweli andiuza kuti ndiwo ndathira mchere wambiri, ine n'kungoti zikomo. Kale sizinali choncho. Apongozi aamuna sunkawayang'ana kumaso, sunkadya iwo akuona, ukakumana nawo panjira unkapatuka n'kugwada m'udzu mpaka adutse. Mawu ako kwa iwo ankadzera mwa munthu wina, mwamuna wako kapena apongozi aakazi, ndipo awo kwa iwe ankadzera momwemo. Zaka khumi ndi zitatu ndinakhala pamudzipo, ine ndi a Tembo sitinalankhulanepo mawu olunjika ngakhale amodzi.

Musawaganizire zoipa. Sanali munthu wankhanza ngakhale pang'ono. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wa jekete ndi chipewa ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo matenda awo anali amodzi okha: kukonda kulankhula pagulu. Akati, "Ndingowonjezapo mawu awiri," amayi ankayala zitenje n'kukhazikika bwino. Masuku oyamba akapsa ankatuma ana kuti, "Kapatseni amayi anu, amawakonda." Ndinkawakonda munthu ameneyo, ndipo ndinkawaopa.

Ndiye kunabwera chaka cha chilala. Mvula inadula msanga, ndipo pofika nyengo yotentha zitsime za pamudzi zonse zinali gwa. Madzi ankapezeka kutali kumtsinje, kochita kufukula mchenga n'kudikira kuti adikhe chikho chimodzi chimodzi. Ndani ankapita? Atsikana anga a Giredi seveni. Ankadzuka tambala woyamba, n'kufika m'kalasi dzuwa lili pamutu, makosi atauma, n'kumasinza pa desiki. Mmodzi mmodzi anayamba kusowa. Pakati pa otsalawo panali kamtsikana kowonda, ka maso akuthwa, kamene kankandifunsa mafunso mpaka mutu kundiwawa. Dzina lake Enelesi. Ee, musayang'anane, ndikunena amayi anu omwewa akuchapa kuseriku.

Tsiku lina amake a Enelesi anabwera kusukulu, anagwada pakhomo la kalasi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine msana wandikana, madzi sindingathe. Mwanayu amalize temu ino basi. Madzi akapanda kuyandikira, chaka chamawa sabweranso." Sindinawakalipire. Ndikanawauza chiyani, kuti azimwa jogirafe?

Pasanapite masiku, abusa analengeza kuti mpingo wapeza mwayi: kukubwera makina oboola mjigo. Koma anachenjeza kuti makinawo ali ndi midzi yambiri yoti afike, choncho adzaboola dzenje limodzi lokha. Madzi atuluke, asatuluke, apita. Munthu wa zipangizo zoyezera pansi sadzabwera, anthu a pamudzi akhome okha chikhomo pamene akufuna. Dzenje limodzi, ana inu. Ndipo wapampando wa komiti ya madzi anali ndani? Apongozi anga.

Anakhoma chikhomo chawo pafupi ndi tchalitchi, pamtunda, m'mbali mwa thanthwe lalikulu limene amayi ankayanikapo ufa. Maganizo awo anali omveka, ndipo mudzi wonse unawomba m'manja. Anati, "Abale, tonse tikudziwa kuti mvula ikagwa, madzi amakhala pa thanthwe ili masabata, mbuzi zimamwa pomwepa kwina konse kutauma. Pamene madzi amakonda kukhala, ndiye kuti pansi pake pali kwawo." Anapemphera pemphero lalitali, chikhomo n'kulowa.

Ine kumbuyo kwa amayi, sindinawombe nawo m'manja. Madzi amakhalitsa pa thanthwe chifukwa alibe polowera! Thanthwe lija linali lamoyo, logwirana ngati chitsulo, la mtundu womwe atate ankati wouma mtima. Pamene madzi a mvula amasowa msanga, pamene anthu amati ndi pouma, m'pamene nthaka yawameza n'kuwasunga. Ndipo malo oterowo ndinkawadziwa, chifukwa chaka chilichonse ndinkadutsapo ndi ana pa ulendo wathu wa miyala.

Loweruka a Yotamu atangotsika panjinga ndinawagwira. Anamvetsera bwinobwino akuvula nsapato, kenaka anati, "Amake Samu, mukufuna ine ndikaime pamaso pa atate, ndinene kuti mkazi wanga akuti mwapempherera pamalo polakwika?"

"Mukanene kuti ndi maganizo anu."

"Anga? Ine wodinda makalata? Adzadziwa ndisanatseke pakamwa. Zisiyeni, mwina madziwo atuluka."

"Satuluka!"

"Ndiye simudzanena inu, chidzanena chilala."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ana inu, moti madzi osamba ndinawapatsa ozizira. Anali munthu wabwino agogo anu, koma pa atate awo anali mwanankhuku.

Ndinapita kwa apongozi aakazi. Anandimvera akupeta mapira, n'kuseka. "Mwana wanga, mwala ndi mwala. Iwe unawerenga, sitikana. Koma mwamuna amene wakhoma chikhomo anthu akuona, umuuze azule? Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sindinawazulitsepo ngakhale chitsa cha therere."

Makina anali kubwera Lolemba la sabata yotsatira. Ndinaganiza, ndinaganiza, mpaka nzeru inabwera ndikufufuta bolodi. Ulendo wa miyala wa chaka chimenecho ndinali ndisanapange. Ndipo njira yake inkadutsa m'minda ya a Tembo.

Ndinabwerera kwa apongozi aakazi, iwo ali pamkeka, a Tembo ali chapatali pampando wawo wa ndalema akuwerenga Baibulo. Ndinagwada, n'kulankhula mokweza pang'ono kuti mawu adumphe. "Amayi, mundipemphereko kwa atate. Lachisanu ndikutenga ana kukaona miyala, ndiye tidutsa m'munda mwawo. Komanso anawa sadziwa mbiri ya malo ano, mayina a mapiri ndi madambo. Akanapezeka wamkulu wowafotokozera, akanapindula kwambiri."

Apongozi aakazi anandiyang'ana ndi diso la m'mbali, anadziwa. Koma asanatsegule pakamwa, kumpando kuja kunamveka kutsokomola. "Auzeni aphunzitsi kuti ngati ndi mawu awiri okha, ndingapezeke."

Lachisanu m'mawa a Tembo anafika atavala jekete, chipewa, ndodo m'manja. Ana anafola, Enelesi atasenza chigubu, osati cha thobwa ulendo uno koma cha madzi amene ndinadzimana masiku awiri. Tinayambira pa thanthwe la kutchalitchi, chikhomo chili poteropo. A Tembo analankhula za mmene makolo anafikira pamalopo, za ng'ombe, za mmishonale amene anagwa pa bulu. Ana anaseka, dzuwa linakwera. Atamaliza ndinawathokoza kudzera mwa ana, n'kutulutsa hamala.

Ndinamenya thanthwe. Ngwee! Hamala inadumpha, kachidutswa kakang'ono n'kuthothoka.

"Ana inu, mwamva chiyani?"

"Lalira, aphunzitsi!"

"Enelesi, thira madzi pang'ono apa."

Anathira. Madzi anayenderera n'kukadikha m'kadzenje, phee, akunyezimira.

"Alowa?"

"Sanalowe!"

"Tikabwera madzulo tiwapeza?"

"Tiwapeza, ngati mbuzi sizimwa!"

"Chifukwa chiyani?"

Enelesi, pakamwa pake pamene mukupadziwa, anati, "Chifukwa alibe polowera, aphunzitsi. Thanthweli lili ngati mbale ya chitsulo."

Sindinatembenuke. Koma ndinamva ndodo ija, imene inali kugogoda pansi nthawi yonseyi, itasiya.

Kuchokera pamenepo ndinaonetsa ana mzere wa miyala yoyera, nsangalabwi zija mumaswanitsa kuti zitulutse moto. Unayambira m'mbali mwa phiri n'kutsetsereka kudutsa m'munda wa a Tembo, mbee, ngati munthu wataya ufa poyenda. Ndinawauza kuti kalekale thanthwe linang'aluka pamenepo, mwala woyerawo n'kudzaza mng'aluwo, ndipo pamene thanthwe linang'alukapo kamodzi limakhala ndi ming'alu ina yambiri. Tinautsata mzerewo mpaka kumunsi, kuseri kwa sukulu, pamalo ena oipa, a minga, amene palibe ankawalabadira. Panali mitengo iwiri ya katope ndi mkuyu umodzi, masamba ali biriwiri pamene tchire lonse linali litapserera. Panalinso chulu chachikulu. Ndinauza ana aswe pamwamba pake, ndipo dothi limene chiswe chinamata m'mawa womwewo linali lonyowa.

"Chiswe chatunga kuti madzi, mwezi uno?" ndinafunsa.

M'kakhwawa ka pomwepo ndinagema mwala wachikasu. Phu! Unanyenyeka m'manja. Enelesi anathirapo madzi, ndipo ana akuona, madziwo analowa n'kusowa, mwala n'kungosintha mtundu.

"Wamwa!" anakuwa ana. "Aphunzitsi, mwala wamwa madzi!"

Pamenepo a Tembo anatsokomola. Anayang'ana ana, osati ine, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Ana inu, tandifunsirani aphunzitsi anu. Ulendo uno ndi wanu, kapena ndi wanga?"

Kalanga ine! Ndinagwada pomwepo pa minga, maso pansi, n'kunena kuti, "Ana inu, auzeni agogo kuti ulendo ndi wanu. Koma dzenje ndi limodzi."

Ana anangoti kukamwa yasa, osadziwa kuti auze ndani chiyani. A Tembo anawerama, anatola chidutswa cha mwala wonyowa uja, anachifinya, n'kuchiika m'thumba la jekete. Anatembenuka n'kumapita osatsanzika, mawu awo awiri omaliza osanena. Munthu amene sankasiya gulu osalidalitsa.

Loweruka a Yotamu anamva nkhaniyo asanafike n'komwe pakhomo. "Mwawachititsa manyazi atate pamaso pa ana a sukulu!" Apongozi aakazi sanandiyankhe moni. Ine ndinayamba kuganiza kuti katundu wanga angakwane m'mabokosi angati.

Lamulungu mapemphero atatha, a Tembo anaimirira kuti ali ndi mawu awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analidi awiri. "Abale, chikhomo ndazula. Ndakachikhoma kuseri kwa sukulu, pa mitengo ya katope. Malowo anandionetsa ndi mtengwa wa pakhomo panga, aphunzitsi a Nabanda." Anakhala pansi.

Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ine. Panja anthu sanabise mawu. "Pouma paja? Pa minga?" "Zoona mkulu wa mpingo azulitsidwe chikhomo ndi mtengwa?" "Chikhomo chopemphereredwa!" Ndinamvetsa zimene apongozi anachita: anandimvera, koma anandiikanso poyera. Madzi akapanda kutuluka, mudzi wonse udzadziwa amene anawataya. Ndipo ndikuuzeni zoona, sindinawadandaule. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Makina anafika Lolemba, chilole chachikulu chokhala ndi nsanja kumbuyo, mudzi wonse uli pambuyo pake. Kapitawo wake, munthu wamfupi wa ovolosi yothimbirira, anangofunsa kuti chikhomo chili kuti, n'kuyamba. Phokoso lake, ana inu, mano ankachita kunjenjemera. Akamaliza paipi imodzi ankalumikiza ina, fumbi likutuluka m'dzenje ngati utsi. Sukulu inaima yokha. Ine ndinakhala pafupi, ndikutapa zotulukazo m'manja monga ndinkachitira ndi ndowa ya atate. Poyamba katondo, psuu. Kenaka mwala wowola wachikasu uja. Ndinaufinya: wouma. Paipi ina: wouma. Madzulo unayamba kuzizira pang'ono m'manja, koma madzi ayi. Anthu anabalalika osalankhula.

Lachiwiri kunabwera anthu ambiri kuposa dzulo lake, ena kudzaona madzi, ena kudzaona ine. A Tembo anawaikira mpando pansi pa mkuyu. Dzuwa lili pamutu, kulira kwa makina kunasintha, fumbi linasanduka lotuwa. Kapitawo anatapa, anayang'ana, n'kupukusa mutu. Anazimitsa makina n'kupita kwa a Tembo.

"Bambo, tafika pa thanthwe lamoyo. Apa palibe kanthu. Mapaipi atsala awiri, koma kungotaya mafuta. Ife timange tizipita."

Mayi wina kumbuyo anati, "Tinanena ife." Ndinaona amake a Enelesi akudzuka, akukutumula chitenje, akugwira mwana wawo padzanja kuti azipita.

Ine ndinali ndi fumbi lomaliza lija m'manja. Ndinalavulira malovu pachikhatho, n'kupukuta tizidutswa tija ndi chala. Pakati pa totuwa panali toyera, ta nsangalabwi, ndipo m'mbali mwake munali dzimbiri, lofiirira ngati la pa msomali wakale. Dzimbiri pansi pa nthaka silibwera lokha. Pamene pali dzimbiri, madzi anadutsapo.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira ndili chilili pakati pa bwalo, pamaso pa apongozi anga, mpango utagwa, ndikukuwa ngati ndili m'kalasi. "Musamange! Simunafike pa thanthwe lamoyo, mwafika pa mng'alu! Taonani dzimbiri ili! Ikani mapaipi awiriwo!"

Amayi anagwira pakamwa. Apongozi aakazi anaphimba nkhope ndi chitenje. Kapitawo anaseka. "Mayi, ine ntchito iyi ndinayamba kale."

"Ine ndinabadwiramo! Taonani m'manja mwangamu musanaseke!"

Anayang'ana, monyinyirika, n'kusiya kuseka. Koma anati, "Wapampando ndiye anene."

A Tembo anadzuka pampando, anakonza jekete. Anayang'ana kapitawo n'kunena kuti, "Mwamva zimene anena aphunzitsi."

Makina analiranso. Paipi yoyamba inalowa yonse: fumbi. Ndinayamba kupemphera pemphero lopanda mutu, loti Ambuye, ngati ndi kunyada kwanga, langani ine, atsikanawa asiyeni. Analumikiza yomaliza. Inalowa pang'ono, makina anachita ngati atsamwa, fumbi linasiya. Kenaka m'dzenje munatuluka phala lamatope, thapsa, pa ovolosi ya kapitawo. Kenaka phwii! Madzi anathovoka kupitirira nsanja, n'kutigwera tonse, ofiira poyamba, kenaka oyera.

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu. Amayi ankavina m'matope, ana ankatsegula kukamwa kuyang'ana kumwamba. Mayi uja wa "tinanena ife" ndiye anali patsogolo kundikumbatira, anthu ndi otero. Ine ndinangokhala pansi m'matopemo. Nditakweza maso ndinaona a Tembo ataima pomwe paja, chipewa m'manja, jekete lili nyowe, madzi akuyenderera kumaso. Sananene ngakhale mawu awiri.

Anadzaika mjigo patapita masabata angapo. Tsiku lina masana ndikusenda nsawa pakhonde, monga tikuchitiramu, ndinaona a Tembo akulowa pabwalo langa atasenza chimwala paphewa, munthu wokalamba, thukuta lili kamukamu. Anali atachigema okha pa thanthwe la kutchalitchi. Ndinataya lichero n'kugwada, maso akusakasaka mwana woti mawu adzeremo. Samu, atate anu, anali pomwepo. A Tembo anamuuza kuti, "Iwe, kasewere." Tinatsala awiri.

Anatula mwalawo patsogolo panga. Kenaka anandiyang'ana, ine, n'kunena kuti, "A Nabanda."

Ana inu, dzina langa m'kamwa mwawo ndinali ndisanalimvepo.

"A Nabanda, mwala uwu wandinamiza kuyambira ndili mnyamata wobusa ng'ombe. Ndabwera nawo kuti muzionetsa ana, adziwe kuti ngakhale mkulu wa mpingo unamupusitsa." Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa kachikasu kaja. "Koma aka ndisunga ine. Tsopano tandiuzani bwinobwino, popanda ana pakati. Madziwa amayenda bwanji pansipa?"

Zaka khumi ndi zitatu ndinali ndi mawu odzaza m'kamwa. Tsiku limene anandipatsa mpata, ndinangolira. Anadikira, anakhala pa mtondo wogubuduzika, mpaka ndinapukuta maso. Ndiye ndinatenga kamtengo n'kuyamba kujambula pansi, dothi pamwamba, mwala wowola pakati, thanthwe pansi. Anafunsa mafunso kuposa Enelesi.

Chaka chotsatira sukulu itatsegulira, ndinafika m'mamawa kudzatsegula kalasi, n'kupeza mtsikana wakhala kale pakhomo, kumaso kosamba, ndowa ya amake atatunga kale dzuwa lisanatuluke. Anakhoza mayeso, anapita ku sekondale, kenaka anadzanditengera mwana wanga Samu, osandipempha n'komwe. Uyo akubwera apoyo ndi beseni, muone mmene andiuzire kuti ndakuchedwetsani ntchito.

Ndiye iwe Taonga, mawa ukwera basi imeneyo. Kalowe pansi pa bedi utenge hamala ija, Dalitso aikemo mpini lero lomwe, ndiye chilango chake. Ukafika kumeneko usakaime kumbuyo ndi anzako kumadya mabisiketi. Ukamenye mwala, umve kulira kwake, uthirepo madzi, ndipo aphunzitsi ako ukawafunse mpaka mutu uwawawe, ndi magazi a amako. Chikhomo chija chikanakhala pamene chinali, amako akanakulira kumtsinje akufukula mchenga, ndipo iwe sukanakhalapo kuti uzinyoza miyala m'khitchini mwanga.

Bwezera mwalawo pachitseko. Ndi manja awiri, mwana iwe, osati ndi phazi. Agogo ako aakulu anausenza okha paphewa.